Kachasu wa Malemu Twumasi

Lolemba, 13 Malichi

Tinamuika dzana. Mahema achotsedwa, pabwalo patsala mipando yothyoka. Ine m'chipinda, pamphasa, nsalu yakuda, wopanda nsapato. Malamulo andiwerengera ngati sindine mwana wa ku Konongo konkuno: osatuluka pachipata, osagwira ntchito, osadya dzuwa litalowa, mpaka tsiku la makumi anayi chimwalirire mwamuna wanga Twumasi. Ndavomera ndi mutu. Mutu wokha.

Ondilondera ndi mayi Nyarko, okazinga nsomba pa siteji ya basi, amasiye kawiri. Mkonono masana ano, khoma kunjenjemera. Mafuta awo otsala ndiwo takhala tikuyesera kupangira dizilo zaka zonsezi, ndiye sitili alendo.

Makina opangira dizilo ali m'shedi kuseri, pamene Twumasi anagwera. Ndinangozimitsa pampu n'kuthamangira naye kuchipatala, mafuta ali m'kati, ntchito ili pakati. Sindinalowemonso. Maenzayimu, aja osandutsa mafuta kukhala dizilo, chigonere mu gilisalini, zotsalira za mafutawo. Iye ankawatcha antchito athu osapempha malipiro. Akufa pang'onopang'ono, ine ndili pano kuyang'ana khoma.

Masana Ntim, mwana wa alamu anga a Dufie, wabwera ndi wogula zitsulo zakutha. Ndawaonera pawindo. Munthuyo kugogoda thanki ndi kiyi, khutu pafupi, ngati akusankha chivwende. Ntim ndiye adzalowe m'malo mwa amalume ake, aliyense akudziwa. Koma sanamutchulebe, ndipo dothi la pamanda silinaume.

Sagulitsa. Ndalemba kuti ndidzawerenge tsiku lofooka.

Lachitatu, 15 Malichi

Kunabwera amalume a Boadu, eni mbumba a kwa amuna anga. Moyo wawo wonse pa chiwongolero cha lole, khutu limodzi linathera komweko. Anakhala pakhomo, kunja. Namfedwa salankhula za katundu. Ndalankhula.

Yankho lawo: "Chinthu chamoyo sitigulitsa pa sikelo, mwanawe. Koma ine sindinaonepo ngakhale dontho likutuluka m'chitsulo chanucho. Ndikaliona pa tsiku la makumi anayi, tikamba zina."

Sananame. Zaka zitatu takhala tikuonetsa timabotolo ta pa tebulo. Makina aakulu anatha mu Januwale, ndipo tsiku loyamba kuwayendetsa odzaza ndi lomwe lija Twumasi anagwa.

Alamu a Dufie ali kumbuyo kwawo, manja m'chiuno: "Zaka khumi ndi ziwiri m'nyumba ya mchimwene wanga, mwana ayi, koma mapaipi." Zinandibaya, sindibisa.

Mnzanga wa kusukulu komwe ndinkaphunzitsa akuti ndipite kukhoti, malamulo a boma amateteza amasiye. Ndikudziwa. Khoti ndi zaka. Maenzayimu alibe zaka.

Ndondomeko, mutu usasokonezeke. Mafuta okazingira, osefa bwino. Methanolo, mowa wa m'mafakitale wosamwedwa, pang'onopang'ono. Timikanda ta maenzayimu, toyera ngati mchenga, tija ndinamata ndekha pa tebulo la m'khitchini. Pampu izungulitse zonse m'timachubu ta dongo lowotcha, ta mabowo osaoneka ndi maso. Dizilo adutse, mafuta osapsa ndi timikanda zitsale. Timachubuto tinatidikira theka la chaka pa doko. Twumasi tsiku lotilandira, akutipukuta ndi malaya ake: "Afrakoma, thanki wowotcherera aliyense apanga. Makina enieni ndi dongoli."

Loweruka, 18 Malichi

Onse ku maliro ena, ku Juaso. Loweruka kuno ndi la maliro, zikomo. Mayi Nyarko mkonono. Ndatuluka dzuwa lili pamutu.

Silipasi za Twumasi pakhomo pa shedi, imodzi chadodolido. Kapu yake ya tiyi, nkhungu pamwamba. Ndakhala pansi kaye.

Kenako ntchito. Ndatsegula thanki. Fungo la mafuta ovunda. Timikanda taundana ngati phala la dzulo. Machubu atsekeka, madzi sakudutsa. Pakufunika mowa wotsukira, ndi wina wochuluka woyendetsera.

Chigubu cha methanolo, mbee! Pansi pokha panyowa. Anati apita ku Tema kukagula wina Lachisanu sabata ija. Twumasi, mwamuna iwe, kundisiyira alongo ako ndi chigubu chopanda kanthu. Ndakukwiyira lero, koyamba. Ndatukwana m'shedi mokweza, kenako ndatenga silipasi zako, zili pansi pa mphasa.

Lachiwiri, 21 Malichi

Foni ku Tema. Akana. Methanolo sapereka popanda mwini chilolezo kubwera kudzasaina. Ndawauza kuti ndili pa maliro. Apepesa bwinobwino, akananso bwinobwino.

Magetsi anathima m'mawa. Kutentha. Nsima ya chinangwa anandibweretsera mochedwa, dzuwa litapendeka kale, dala. Ndadya msanga ngati wakuba.

Ndili chigonere, maso pa ngodya. Zigubu zachikasu, zondandalika kukhoma. Kachasu wa kanjedza. Anabwera naye a kuchimuna, anzake owotcherera, ngakhale amuna a kwaya, mobisa. Wa tsiku lomaliza: kuthira pansi kuti malemu asapite ulendo wake ndi ludzu, wotsala amuna amwe. Anamuika m'chipinda changa chifukwa muno mokha ndi momwe mwamuna salowa, apo ayi anyamata akanamaliza kale.

Masabata ndikugona naye, osamuona.

Kachasu ndi mowa. Maenzayimu amaupirira bwino kuposa methanolo, ndinkawauza ana m'kalasi. Vuto ndi madzi, theka lonse. Koma kathanki kotchezera kalipo, Twumasi anakapanga kuti tizibweza methanolo wotsala.

Ndikuopa. Si za a Dufie. Ndikuopa iyeyo, ndi aja anapita kale. Ndinaphunzira za timadontho ndi timaselo, koma ndinakulira pano, ndinaona agogo akuthira pansi n'kumatchula mayina, tsitsi langa kuima.

Komanso. Munthu amene sanalawepo dontho ali moyo, wa kwaya, wa tiyi wopanda shuga, akufuna kumumwetsa zigubu atafa.

Lachinayi, 23 Malichi

Mayi Nyarko andipeza ndikukoka chigubu pakhomo la kuseri. Sanali mtulo konse.

"Aphunzitsi, mukufuna kumwetsa chitsulo mowa wa akufa? Mutu uli bwino?" Ndawafotokozera zonse. Akanda chigongono. Kenako: "Maso angawa anatha ndi utsi wa nsomba, sindiona kanthu. Koma kabotolo kamodzi kakhotere kuno."

Kakhotera. Zigubu zina anyamula okha, pamutu, ngati akupita kumjigo.

Kutcheza tsiku lonse, pa makala. Shedi yonse fungo. Zigubu zopanda kanthu ndikubweza m'chipinda, pamalo pake. Sindithiramo madzi. Mayi Nyarko anati tithire, ndakana. Ndatenga, ndidzanena kuti ndatenga.

Ndisanayambe ndinadontheza pang'ono pansi, pamene anagwera. Ndinangoti: Twumasi, ndi wako, ndibwereke.

Lamulungu, 26 Malichi

Zakanika.

Machubu ndinatsuka Lachisanu, madzi anayamba kudutsa. Timikanda ndinatsuka katatu, tinamasuka. Dzulo ndinayatsa pampu. Phuma langa: mowa wotcheza kamodzi kokha, madzi akadalimo, ndipo ndinathira wambiri nthawi imodzi. Magetsi n'kuthimanso pakati. Ndinavundula ndi dzanja mpaka phewa kuuma.

Chotuluka lero: zoyera, zamatope, ngati mkaka wosasa. Dizilo ayi.

Kutchalitchi akuimba, zikumveka mpaka kuno. Nyimbo ija ankayambitsa iye. Wina wayambitsa mokwera kwambiri, akazi akuvutika. Ndalira, osati zamwambo zija za pamaso pa anthu. Zanga.

Mwina maenzayimu anafa kale. Mwina ndawapha ndine dzulo. Kachasu watsala theka. Sindingayese kawiri.

Mayi Nyarko andipatsa nsomba yamutu, akuti ubongo ubwerere.

Lachiwiri, 28 Malichi

Ndayesa timikanda pang'ono m'kabotolo, ndi mowa wabwino. Madzulo mizere iwiri, wachikasu pamwamba, gilisalini pansi. Ali moyo! Ofooka, koma ali moyo. Antchito ako sanathawe, Twumasi.

Potuluka m'shedi, maso ndi maso ndi alamu a Dufie. Nsalu yanga yakuda mafuta okhaokha. Anunkhiza. Akuwa kuti mudzi wonse umve: "Bwerani mudzaone! Mchimwene wanga sanafike n'komwe kumene akupita, mkazi wake akununkha kachasu!" Mayi Nyarko msangamsanga: "Ndine ndimamupatsa, mayi, kuti azigona. Inu simunafedwepo mwamuna, wanu anangothawa." Pamenepo nkhondo inasamukira kwa iwo.

Tsopano Konongo yense akuti mkazi wa Twumasi ndi chidakwa. Anene.

Madzulo Ntim waika loko wamkulu pa shedi. Anagogoda pawindo langa, mwaulemu wake uja: "Azakhali, n'kukutetezani. Anthu akulankhula."

Lachitatu, 29 Malichi

Ndadula loko. Sowo ya zitsulo inali m'khitchini, pamwamba pa kabati. M'mawa, dzuwa likuwala, ana a sukulu akudutsa, mkazi wa Ntim akusinja chinangwa pabwalo. Munsi unaima m'mwamba. Ndinamupatsa moni, n'kupitiriza kucheka. Zaka khumi ndi ziwiri ndi wowotcherera, amayesa ndinkangomuphikira.

Loko ndamusiya pa mpando wa Ntim, zidutswa ziwiri.

Palibe wabwera. Akuti andisiye, Loweruka lili pafupi, ndikadziyalutse ndekha pamaso pa mbumba.

Mowa ndatchezanso kachiwiri, n'kuuthira pa laimu wowotcha kuti amwe madzi otsala. Watsala wochepa, koma woyaka bwino, wosasiya chinyontho pa supuni. Mafuta atsopano a mayi Nyarko, osefa pa nsalu. Ulendo uno dontho ndi dontho. Manja akufuna kutsegula mpopi, ndikuwamenya.

Magetsi, chonde.

Lachisanu, 31 Malichi

Watuluka!

Dzulo masana, kumapeto kwa paipi ya machubu. Dontho loyamba linalendewera nthawi yaitali ngati likuganiza. Lachikasu, loyera, loona mbali ina. Kenako lachiwiri. Kenako kamtsinje kochepa ngati ulusi.

Ndinafuna kuitana munthu. Dzina linafika pakamwa. Ndinatembenuka ndithu, kumene ankaima.

Ndatsuka dizilo ndi madzi ofunda, ndamuumitsa. Chigubu chimodzi chodzaza, ndi botolo limodzi pambali. Machubu ndamasula, ali m'beseni, atsukidwe asanatsekekenso. Timikanda mu mphika wanga wadongo, pozizira.

Kachasu watha yense. Pabwalo akumanga mahema.

Loweruka, 1 Epulo

Ndilembe zisanasokonezeke.

Anthu tho. Nditasamba ndi kuchita zamwambo, ndinaimirira ndi chigubu changa, osaitanidwa. Ndinakumbutsa amalume a Boadu mawu awo. Sanakane. Anavula nsalu paphewa, n'kulowa okha pansi pa galimoto ya Twumasi, munthu wa zaka zimenezo, kukhetsa dizilo yense wakale kuti pasakhale chinyengo. Anathira wanga. Kiyi. Inatsokomola kawiri. Kachitatu inalira.

Anaika khutu labwino lija pa boneti, maso otseka. Utsi fungo la nsomba zokazinga. Mayi Nyarko kukuwa: "Nsomba zanga izo! Zikuyendetsa galimoto!" Anthu kuseka, pa mwambo wa maliro. Amalume anazungulira bwalo, mpaka kumsewu, n'kubwerera akumwetulira ngati mnyamata.

Ndinayesa ndapambana.

Nthawi yothira nsembe. Atsikana anapita kukatenga zigubu, anabwera nazo ziwiriziwiri m'manja, zopepuka. Alamu a Dufie anatsegula chimodzi, anachizondotsa. Kulira kwake! Akuti ndamwa mowa wa mchimwene wawo, ndamutumiza ndi ludzu. Ndinati sindinamwe, uli m'galimotomo, mwaumva nonse ukulira. Wotsala ndi uwu. Ndinapereka botolo lija la dizilo kwa amalume ndi manja awiri.

Ena anati atume mwana akagule wina. Amalume ananunkhiza botolo nthawi yaitali. Anati: "Twumasi sankamwa. Uyu ndiye angamulandire." Anathira pansi, akutchula dzina lake ndi a makolo. Akuluakulu awiri ananyamuka n'kuchoka. Dothi linamwa.

Kenako chigamulo. "Makina ndi amoyo, ndaona ndi maso anga. Sapita pa sikelo. Koma chuma chamoyo cha mwamuna chimapita kwa mwana wa mlongo wake. Ndi a Ntim."

Ndadzitchera ndekha msampha. Masabata awiri osagona, kupukutira Ntim chuma.

Za kachasu, mbumba yagamula kuti Lolemba ndikhale nditachoka pano, ndi katundu wa chikazi yekha.

Sindinalire pamaso pawo. Ayi.

Lamulungu, 2 Epulo

Kulongedza. Alamu a Dufie pa mpando pakati pa bwalo, kuyendera chilichonse chotuluka m'nyumba. Nsalu zanga, mabuku, mbale zadongo zoperera tsabola, miphika. Ntim ndi anzake pa khonde, akuyesa makiyi a galimoto.

Beseni la machubu linali pamodzi ndi mbale, pomwe ndinaziyanika. Mphika wa timikanda pambali. Ntim anatola chubu chimodzi, anasuzumira m'kati. Anafunsa ngati n'za makina. Ndinati inde, n'za makina. Sindinabise. Anafunsa ngati n'zadongo. Ndinati zadongo, zowotcha ngati mphika.

Mnzake wina pa khonde: "Ntim walandira miphika ya amalume ake! Mawa tikupeza ukupera tsabola!" Onse kuseka! Ntim anachiponya m'beseni ngati chamuwotcha. Sichinasweke.

Alamu a Dufie: "Mwana wanga ndi mwamuna, salandira zadongo. Tenga madongo akowo ndi mchenga wakowo, utisiyire chitsulo."

Ndinawapempha abwereze, amalume amve, poti khutu lawo n'lovuta. Anabwereza mokweza, mpaka oyandikana nafe anamva. Amalume a Boadu anandiyang'ana, anayang'ana beseni, n'kuyamba kufunafuna fodya m'thumba. Anangoti zamveka.

Chubu chilichonse ndachikulunga mu nsalu yangayanga. Silipasi zake pansi pa beseni. Zimenezo sanazione.

Lachinayi, 6 Epulo

Kwa mayi Nyarko, kachipinda ka kuseri kwa mokazingira. Utsi, ntchentche, mahutala a basi kuyambira mbandakucha. Ndikugona bwino kuposa mwezi wonse wathawu. Mafuta ali pakhomo pomwe, osasenza. Mawa Tema, ndi chilolezo changa, ndi nsapato.

Mnzake wa Twumasi wowotcherera anabwera kudzayeza mgolo wakale woti ausandutse thanki. Akuti sabata imodzi. Ndavomera, koma mtima sukufuna mgolo. Pa thanki lija pali mizere ya moto ya Twumasi, yosalala ngati msoko wa telala. Ndimaidziwa ndi chala, umodzi umodzi.

M'mawa kunabwera Ntim. Anaima patali, chipewa m'manja. Masiku atatu akuthira mafuta m'makina, akutuluka mafuta omwewo. Anaitana makaniko awiri. Anathiramonso kachasu, botolo lathunthu, wogula ndi ndalama zake. Mayi Nyarko anaseka mpaka nsomba kupserera.

"Azakhali, mwina munaiwala kundiuza kena kake."

Ndinati sindinaiwale, unafunsa ndinakuyankha, amayi ako anagamula pamaso pa amalume. Anati ndiye makinawo ndi akufa. Ndinati ndi akufadi. Anafunsa achite nawo chiyani.

Ndinati abwere nalo thankilo pa ngolo, ndigula ine. Chinthu chakufa timagula pa sikelo.

Anachoka osatsanzika. Mayi Nyarko akuti sabwera, manyazi. Ine ndabwereka kale sikelo ya wogula zitsulo uja, ili pakhomo, ndasesanso pakona pomwe...

Pachipata pakulira mateyala a ngolo.